Mayina Asanu ndi Awiri pa Khoma la Timu Yathu

Maganizo olemba mayina pakhoma anabwera ndi a tcheya a timu yathu ya mpira, atabwerako ku Lilongwe kumene anakagona pa maliro a mlamu wawo. Za malirozo sanakambe zambiri. Chimene chinawatenga mtima n'chakuti m'nyumba ina ya masewera kumeneko anaona zithunzi za osewera akale zitapachikidwa pamzere, aliyense dzina lake lili mmunsi, ndipo pamwamba pa onsewo panali zithunzi za akuluakulu a timu atavala mataye.

"Ifenso anthu tili nawo," anatero. "Kodi mpira unayambira ku Lilongwe?"

Inali nthawi imene matipate anali atangolowa kumene. Kwathu ku Liwaladzi aliyense anali ataphunzira mawu awiri, demokalase ndi ufulu, ndipo ankawathira paliponse ngati mchere. Wogulitsa usipa wowola ukamudandaulira ankati ndi ufulu wake. Kukonza mjigo kunkafuna komiti, komitiyo inkafuna voti, ndipo oluza voti ankayambitsa komiti yawo. Madzi tinkakatungabe kunyanja.

Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale, komanso mlembi wa timu chifukwa ndinkalemba zooneka bwino. Pa unyamata wanga ndinasewerapo kutsogolo chakumanzere. A tcheya aja anali mwini golosale pamsewu waukulu. M'nthawi ya chipani chimodzi anali tcheya wa nthambi ya chipanicho kwathuko, ndipo chipani china chitapambana tinangoona ali tcheya wa chimenechonso, malaya okha atasintha mtundu. Utcheya unali ngati chipsera pathupi pawo, sunkachoka ndi sopo. Kumbuyo kwa golosaleyo kunali kachipinda kamene kale ankagulitsiramo makadi a chipani, ndipo tsopano tinkasungiramo majezi, mipira iwiri ndi pampu. Khoma la kachipinda kameneko ndi limene anati lilandire ulemuwo.

Zithunzi tinalibe. Chinalipo chimodzi chokha cha timu yonse, koma wojambula anadula mitu ya onse oimirira kumbuyo. Choncho tinagwirizana kuti tilembe mayina ndi penti. Tinaitana bambo wina amene ankalemba mawu pa maboti, iye anayeza khomalo ndi zikhatho n'kunena kuti mayina asanu ndi awiri ndi amene angakwane, ngati tikufuna kuti munthu aziwerenga ataima pakhomo. Tikanadziwa tikanamuuza kuti alembe ting'onoting'ono, tikwanepo tonse.

Mkangano woyamba unali wa dzina la khomalo. Wina anati likhale khoma la ngwazi, ndipo anthu anayang'anana. Mawu amenewo tinali titawaimba zaka zambiri mpaka anatitupitsa m'kamwa. A tcheya, amene kale ankawafuula kuposa aliyense, ndi amene anayamba kukana, nkhope itakwinyika ngati alawa bwemba. Tinagwirizana kuti likhale Khoma la Akatswiri.

Tinkakumana Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango pasukulu, chifukwa Lachisanu anzathu anali ku mzikiti ndipo Lamulungu ife tinali ku tchalitchi. Loweruka loyamba linali la osewera. Ndinatsegula kope langa ndikuganiza kuti tilemba mayina khumi basi. Pofika masana ndinali nditadzaza masamba atatu. Kunapezeka kuti m'mudzi monse munalibe mwamuna amene sanamwetsepo chigoli chamutu pa mphindi yomaliza. Bambo wina amene tonse tinkadziwa kuti ntchito yake inali yonyamula ndowa ya madzi anaimirira n'kulongosola mmene anapyolera anthu anayi ku Ngala. Atafunsidwa mboni, anatchula anthu atatu, onse omwalira.

Pa dzina limodzi lokha panalibe wotsutsa kwenikweni, la goloboyi wathu wakale. Anali msodzi, Msilamu wa manja ngati nkhafi, amene anagwira penate ndi nkhope ku Ngala n'kusiya mano awiri m'bwalo lomwelo. Komabe demokalase inkafuna kuti wina atsutse, ndiye mnyamata wina wa timu yatsopano anakumbutsa kuti goloboyi yemweyo analowetsa zigoli zisanu ndi zinayi tsiku limodzi ku Dwangwa.

"Tsiku limenelo ndinali nditafunga," anayankha goloboyi. "Unali mwezi wa Ramazani. Munthu wa njala saona mpira."

"Akulu, musanamizire Ramazani," anatero mwalimu wa ku madrasa, amene anakhala chakumbuyo. "Ine ndinalipo. Pa hafu taimu munadya nzimbe ziwiri."

"Ndiye chinali chiyani?" anafunsa goloboyi.

"Mpira munangoulephera."

Goloboyi anaseka mpaka mpata wa mano aja unaonekera, n'kunena kuti zisanu ndi zinayizo zikanakhala makumi awiri pakanakhala wina pagolopo. Dzina lake linalowa.

Loweruka lachiwiri a tcheya anabwera atavala taye. Anati pa mayina asanu ndi awiriwo, anayi akhale a akuluakulu oyendetsa timu, atatu a osewera.

"Wosewera amathamanga ola limodzi ndi theka n'kukasamba," anatero. "Ife timathamanga sabata yonse. Popanda mutu, miyendo ingapite kuti?"

Goloboyi anafunsa ngati pali munthu amene anayendapo wapansi kuchoka ku Malengachanzi kudzaonera a tcheya akuthamanga sabata yonse. Anthu anaombera m'manja, a tcheya n'kunena kuti imeneyo ndi nkhanza ya ochuluka. Pomaliza tinagwirizana kuti onse, osewera ndi akuluakulu, apikisane pa voti imodzi.

Apa ndi pamene tinazindikira kuti akuluakulu a timu tinali nawo ambiri kuposa mmene tinkaganizira. Panali wogula mpunga wina amene ankatinyamula pa lole yake tikamapita kukasewera kutali. Omukonda anati popanda iye sitikanadziwika kunja kwa Liwaladzi. Ena anakumbutsa kuti tsiku lina titagonja anapsa mtima n'kutisiya pamsewu, tinabwerera wapansi titanyamula jombo m'manja. Iye anati anachita zimenezo kuti tilimbe miyendo, ndipo chaka chotsatira tinasewera bwino, choncho amayenera kuwerengedwanso ngati kochi.

Panalinso woyimbira wathu, mkulu amene pa zaka zake zonse sanalole kuti tigonje pakhomo. Tsiku lina anapitiriza masewero mpaka ng'ombe zinayamba kudutsa m'bwalo pobwerera kukhola, kudikira kuti tibweze chigoli, ndipo titangobweza anaimba wezulo mpira usanabwerere pakati. Mphunzitsi mnzanga anati chimenecho n'chinyengo, sitingachilembe pakhoma kuti ana aziwerenga.

"Aphunzitsi," anatero woyimbirayo, "inu mumati chinyengo, ine ndimati kukonda kwanu. Zigoli zanga n'zambiri kuposa za onse amene akhala apawa."

Palibe anatsutsa, poti masamu ake anali olondola.

Kenaka kunaimirira sing'anga amene ankakwirira zinthu zake pagolo tisanasewere. Anati iyenso ndi mkulu wa timu, ndipo alembedwe. Ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: mwalimu wa ku madrasa ndi mkulu wa mpingo wathu anaimirira nthawi imodzi, mawu awo amodzi, kuti dzina la munthu wa nsupa silingakhale pakhoma limodzi ndi anthu opemphera. Sing'anga anawadikira mpaka anamaliza.

"Chabwino," anatero. "Koma poti masiku ano kuli ufulu wolankhula, ndiloleni nditchule amene mwa inu anabwerapo kwathu, ndi zimene ankafuna. Ndiyambire kumanja kuno kapena kumanzere?"

Mkulu wa mpingo anayamba kufunafuna chinachake m'thumba la jekete. A tcheya anati nthawi yatha, mlembi alembe dzinalo tione zina.

Loweruka lachitatu linali loti titseke mndandanda. Ndinali nditayamba kale kujambula mzere mmunsi pamene goloboyi anakweza dzanja.

"Mwaiwala munthu," anatero. "Wamanzere uja."

Aliyense wa msinkhu wathu anadziwa amene akunenedwa, ndipo ambiri anayang'ana pansi. Munthuyo anali wosewera woposa tonse amene ndinawaonapo ndi maso anga. Ankasewera wopanda nsapato, mwendo wamanzere wokhawokha, ndipo akamenya kona mpira unkakhota ngati wautuma. Anthu ankachoka ku Ngala pa njinga kudzaona iyeyo. Koma banja lake linali la mpingo uja umene unkakana kugula makadi a chipani. Tsiku lina tikuvala majezi, a tcheya omwewa anafika ndi anyamata awo a malaya ofiira n'kulamula kuti aliyense aonetse khadi. Iye analibe. Anamuvula jezi pamaso pa anthu onse. Patapita masiku ochepa nkhokwe ya mpunga ya mayi ake inapsa, ndipo banja lonse linathawira ku Zambia. Anabwerako zinthu zitasintha, imvi zili mbuu, n'kuyamba kukonza njinga pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu waukulu.

Jezi imene anamuvula tsiku limenelo anaponyera ine. Ndinali wokhala pabenchi, ndipo khadi langa linali m'thumba. Ndinaivala ikadali yofunda ndi thukuta lake, ndinasewera, ndipo ndinasewerabe pamalo pakepo zaka zisanu ndi chimodzi. Pa zaka zonsezo ndinamwetsa zigoli zokwana kuwerenga ndi zala za dzanja limodzi, chimodzi mwa izo ndi bondo mosadziwa.

A tcheya anakonza taye yawo. Anati iwo alibe chifukwa ndi munthuyo, koma malamulo ndi malamulo: khomalo ndi la anthu amene anatumikira timu mokhulupirika, pamene mnzathuyu anaisiya timu pakati pa chaka osatsanzika.

"Anaisiya?" anafunsa goloboyi. "Wallahi, a tcheya, inu mulibe manyazi. Nsomba mwaivuula nokha, ndiye mukuti yathawa m'madzi?"

"Tisakumbe zakale. Dziko lino tsopano ndi loyang'ana kutsogolo."

"Nanga khoma lonseli si la zakale? Kapena tilembepo ana amene sanabadwe?"

Onse anatembenukira kwa ine, poti cholembera chinali m'manja mwanga. Ndikanakonda kunena kuti ndinalankhula mawu amphamvu. Chimene ndinanena n'chakuti mlembi salowerera mkangano, amangolemba zimene msonkhano wagwirizana. Msonkhano unagwirizana mwa phokoso, ndipo ndinalemba dzinalo pansi penipeni.

Voti inachitika ngati chisankho chenicheni. Popeza ambiri sankatha kuwerenga, aliyense wopikisana anali ndi chitini chake ndi chizindikiro chake. Goloboyi anasankha kampango, woyimbira wezulo, sing'anga nsupa, wa lole tayala. A tcheya anafuna mkango, wolemba maboti anajambula chinthu chofanana ndi mbuzi yodwala. Wamanzere sanabwere n'komwe, ndiye goloboyi anamujambulitsira phazi. Ine ndinasankha choko. Wovota aliyense ankalandira nyemba zoyera zisanu ndi ziwiri n'kulowa kuseri kwa mphasa kukaponya m'zitini zimene wafuna. Sabata yonse chisankho chisanachitike, ku golosale ya a tcheya munthu ukagula sopo ankakuwonjezera machesi.

Powerenga, chitini cha phazi chinali cholemera kuposa zonse, chotsatira cha kampango. Cha a tcheya chinalinso chodzaza, koma titakhuthula tinapeza kuti theka la nyembazo linali la mawanga ofiira, mtundu umene sitinagawe. Mayi wina anafuula kuti nyemba zimenezo amazidziwa, anaziona dzulo lake akazi a tcheya akuzisankha pa lichero. A tcheya anati adani awo aziika dala kuti awaipitsire mbiri. Tinachotsa zamawangazo, ndipo zoyera zimene zinatsala zinawakwanirabe kulowa pa nambala sikisi. Machesi aja anagwira ntchito. Woyimbira analowa, sing'anga analowa pamwamba pa a tcheya, ndipo wa lole anagwa n'kulengeza pomwepo kuti timu iziyenda wapansi mpaka kalekale. Ine ndinathera pa nambala eyiti, kunja kwa mzere ndi nyemba zitatu.

Mawa lake masana tinapita atatu kukamuuza wamanzere, ine, goloboyi ndi a tcheya, amene anaumirira kutsogolera kuti anthu aone kuti iwo ndi munthu wogwirizanitsa. Tinamupeza ataviika chubu m'beseni la madzi, akufufuza pobooka. Anatipatsa benchi, ife tinakhala, iye anapitiriza ntchito. A tcheya analankhula nthawi yaitali za umodzi ndi chitukuko, kenaka anamuuza kuti anthu amusankha kukhala woyamba pa Khoma la Akatswiri.

"Zikomo, akuluakulu," anatero. "Khomalo lili kuti?"

"Kuseri kwa golosale yanga."

"M'kachipinda ka makadi kaja?"

A tcheya anatsokomola. Anati zakale zinapita, tiyenera kukhululukirana monga ana a dziko limodzi.

"Kukhululuka ndinakhululuka kalekale ndili ku Zambia, poti mtima unkandilemera," anatero iye, akuika chala pamene pankatuluka thovu. "Kupepesa kwanu ndi kumene sindinakumve. Mwina munapepesa ine nditachokapo."

"Nthawi imeneyo tonse tinkangotsata malamulo, achimwene."

"Eya. Ndiye inenso ndili ndi langa. Dzina langa musalilembe m'chipinda chimenecho. Mukafuna kulemba, lembani kuti pano panali munthu amene tinamuvula jezi. Mukatero ndibwera kudzaona."

Goloboyi anamuchonderera, anamukumbutsa za kona ija ya ku Ngala imene inalowa yokha, mpaka onse awiri anaseka. Koma sanasinthe maganizo. Tikunyamuka anandiyang'ana koyamba tsikulo.

"Aphunzitsi, jezi ija inakukwanani?"

Ndinati inali yaikulu pang'ono m'mapewa. Sindikudziwa chifukwa chimene ndinayankhira choncho. Iye anagwedeza mutu ngati ndamuuza nkhani yofunika, n'kuyamba kupala chubu chija.

Pobwerera a tcheya anali osangalala ngati munthu amene watula katundu. Anati munthu wapatsidwa ufulu wake ndipo waukana yekha, ndiye malinga ndi dongosolo malowo apita kwa amene anabwera pa nambala eyiti. Anandigwira paphewa n'kundiyamikira.

Kunyumba ndinawafotokozera mayi a ana anga, amene ankapeta mpunga pakhonde. Sanasiye kupeta.

"Ndiye mwalowanso m'malo mwa munthu yemweyo?" anafunsa.

"Si ine ndafuna. Ndi mmene mavoti ayendera."

"Kalenso simunafune, ndi mmene makadi anayendera. Inu bambo muli ndi mwayi. Anzanu akamagwa mumapezeka mwaima pafupi."

Ndinawauza kuti ndikakana pamaso pa anthu onse, ndipo ndinkanena zoona. Ndinalemba ngakhale mawu okanira papepala, mawu abwino kwambiri, okhala ndi mwambi pakati. Pa msonkhano wotsatira a tcheya analengeza dzina langa, anthu anaomba m'manja, ana a kalasi langa amene anali pampanda anakuwa kuti aphunzitsi, aphunzitsi. Ndinaimirira pepala lili m'thumba la malaya. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti ine ndine munthu wamng'ono, koma sindinganyoze chifuniro cha anthu. Madzulo ake ndinapita kwa wolemba maboti kukamuuza kalembedwe koyenera ka dzina langa, kuti asaphonye chilembo.

Tsiku lotsegulira khomalo anaphimba ndi chitenje chatsopano. Kachipindako kanali kakang'ono moti anthu ankalowa asanuasanu, ena akutuluka. Goloboyi, amene tsopano anali woyamba, sankatha kuwerenga, ndiye anandikoka dzanja kuti ndimusonyeze dzina lake. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analiyeza ndi zala, n'kuyezanso la nambala faifi.

"Ili ndi la yani?"

"La a tcheya."

"Bwanji zilembo zake n'zonenepa kuposa zanga?"

Wolemba maboti anati burashi yaing'ono inathyoka atafika pamenepo. Goloboyi anafunsa kuti nanga inalumikizika bwanji pofika pa dzina lotsatira. Kenaka anandifunsa kuti langa lili pati, ndinamusonyeza pansi penipeni, pafupi ndi pamene tinkaimika pampu. Anangotuluka kuti ena alowe, ndipo ndikanakonda akanandinyoza.

Mwambo unatha ndi masewero. A tcheya anakonza zoti akatswiri a pakhoma tisewere mphindi khumi ndi anyamata a timu yatsopano, kuti ana aone mpira weniweni. Iwo anakhala pampando, poti mutu suthamanga. Sing'anga anakana kulowa m'bwalo, anati iye amadziwa zimene zinakwiriridwamo. Woyimbira anatipatsa penate mpira usanafike n'komwe kugolo, ndipo anthu anakuwa kuti amenye aphunzitsi. Ndinabwerera mmbuyo masitepe asanu ndi limodzi monga ndinkaonera ena akuchitira, ndinathamanga, ndinamenya nthaka. Mpira unagubuduzika pang'onopang'ono mpaka m'manja mwa goloboyi wa anyamatawo, amene anachita kuudikira atagwada. China chake chinaduka kuseri kwa ntchafu yanga, ndipo anandinyamula anthu anayi kupita nane pansi pa mtengo, bwalo lonse likuseka mpaka ena kugona pansi.

Ndinatsimphina mwezi wathunthu. Nditachira ndinapeza tayala la njinga yanga litaphwa, ndipo ndinaikankha kudutsa pa mtengo wa wamanzere nditayang'ana kutsidya kwa msewu, mpaka kwa wokonza wina wa kutali amene ankamata zigamba zomatuka pa sabata imodzi. Ndinachita zimenezo pafupifupi chaka chonse. Mayi a ana anga atazindikira, anayamba kuitenga okha njingayo n'kupita nayo kwa wamanzere, ndipo pobwera ankandiuza kuti wapereka moni.